Tisanagule chipangizo chochenjeza za makamera a liwiro, tidziwe zimene chingathe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa malonda amene achuluka masiku ano pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a oyendetsa galimoto, malonda a zipangizo zazing'ono zomata pa dashibodi zimene ogulitsa ake akulonjeza kuti amene wazigula sadzalipiranso chindapusa cha liwiro. Ine ndimayendetsa galimoto ya katundu pakati pa Blantyre ndi Johannesburg, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo chifukwa cha ntchito imeneyi abale ndi anzanga amakonda kundituma kuti ndikawagulire zipangizozi, kapena kundifunsa kuti chabwino ndi chiti. Funso limeneli silingayankhidwe ndi mawu awiri pa foni, chifukwa chipangizo chimene chingamuthandize munthu woyendetsa galimoto ku Manchester chikhoza kukhala chopanda ntchito kwa munthu woyenda pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu, ndiponso chikhoza kumugwetsa m'mlandu munthu amene wawoloka nacho malire kulowa dziko lina. Ndalama zikuvuta kupeza, ndipo zimandiwawa kuona anthu akuzitayira pa chinthu chimene sadauzidwe bwino mmene chimagwirira ntchito.

Wogula aliyense amvetse choyamba kuti chipangizo cha GPS sichiona kamera, sichimva kamera, ndipo sichidziwa ngati kamerayo ikugwira ntchito kapena idafa kalekale. Ntchito yake ndi kulandira mauthenga ochokera ku masatelayiti amene amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi pano, ndipo chikalandira kuchokera ku masatelayiti osachepera anayi chimawerengera malo amene galimoto ili, kumene ikulowera ndi liwiro limene ikuyenda. Kenako chimayerekeza malowo ndi mndandanda wa makamera umene udasungidwa m'kati mwake, ndipo chikaona kuti mwayandikira malo olembedwa pa mndandandawo chimalira kapena kulankhula. Chili ngati kondakitala wakale amene adaloweza pamtima malo onse pamene apolisi ankaima m'masiku ake: pa malo amene akuwadziwa amakuchenjezani msanga, pa malo atsopano amangokhala chete, ndipo pena amakuchenjezani pamene anthu adachokapo kalekale. Choncho chimene munthu akugula kwenikweni ndi mndandanda uli m'katimo, pamodzi ndi lonjezo la kampani loti izidzaukonzanso makamera akamawonjezeka kapena kusuntha. Wogulitsa amene akukusonyezani kuwala kwa sikirini ndi kukoma kwa mawu a chipangizocho, koma sangakuuzeni kuti mndandanda wake ndi wa mayiko ati ndiponso udakonzedwa liti komaliza, sakuchidziwa chimene akugulitsa.

Chisokonezo chachikulu chikubwera chifukwa zinthu zitatu zosiyana zikugulitsidwa ndi dzina limodzi. Cha GPS ndachifotokoza kale. Chachiwiri ndi chimene amachitcha radar detector, chimene sichidalira mndandanda koma chimatchera mafunde otuluka m'makina ena a apolisi oyezera liwiro. Chimenechi chimalira kawirikawiri popanda chifukwa, popeza zitseko zotseguka zokha za m'masitolo akuluakulu komanso galimoto zamakono zokhala ndi timakina toona zinthu za m'mbali zimatulutsa mafunde ofanana ndi omwewo, ndipo dalaivala akatopa nako kulirako amatsitsa mawu kapena kuleka kumvera. Komanso makina ambiri oyezera liwiro a masiku ano amagwiritsa ntchito laser, kuwala kopyapyala kosaoneka ndi maso kumene wapolisi amalozetsa pa galimoto imodzi yokha, ndipo kuyezako kumatha sekondi isanakwane, kotero kuti pamene chipangizo chikuyamba kulira, liwiro lanu limakhala litawerengedwa kale. Chachitatu ndi chosokoneza dala makina a apolisi, chotchedwa jammer, ndipo pa chimenechi sindichulukitsa mawu: n'choletsedwa m'mayiko ambiri, ndipo cholinga chake ndi kulepheretsa lamulo kugwira ntchito. Zipangizo zambiri zotsika mtengo zimene zikutsatsidwa zimaphatikiza cha GPS ndi radar detector m'kabokosi kamodzi, nthawi zina pamodzi ndi kamera yojambula msewu, ndipo wogula amaganiza kuti wapindula pogula zitatu pa mtengo wa chimodzi, chonsecho kuphatikizako ndi kumene kungamuike m'mavuto.

Funso lotsatira ndi lakuti galimotoyo mudzaiyendetsa kuti. Ku Britain, kumene Amalawi ambiri akugwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba ndipo amayenda pa galimoto kuchokera nyumba ina kupita nyumba ina tsiku lonse, makamera ambiri ndi okhazikika, omangidwa pa mizati m'mbali mwa msewu, ndipo ambiri mwa iwo amapakidwa utoto wachikasu kuti aoneke. Kumeneko chipangizo cha GPS n'chololedwa ndipo chili ndi ntchito yeniyeni, n'chifukwa chake makampani monga Road Angel, Snooper, Garmin ndi TomTom amagulitsa zipangizo zokhala ndi mndandanda wa makamera a dzikolo. Chilango chochepetsetsa cha kuthamanga mopyola muyezo ndi mapaundi 100 ndi mapoyinti atatu a chilango olembedwa pa laisensi. Amene wafikitsa mapoyinti 12 m'zaka zitatu akhoza kuletsedwa kuyendetsa galimoto, ndipo amene wangokhoza kumene mayeso amalandidwa laisensi akafikitsa mapoyinti 6 m'zaka ziwiri zoyambirira. Kwa mlendo amene sadazolowere misewu ya kumeneko, kumene liwiro lololedwa limatha kusintha kangapo pa mtunda waufupi, chikumbutso chotere chingateteze laisensi ndi ntchito yomwe. Ku South Africa nakonso makamera okhazikika alipo ambiri, m'mizinda ndi pa misewu ikuluikulu, ngakhale kuti apolisi a kumeneko amagwiritsanso ntchito makamera onyamula amene amawaika paliponse pamene asankha tsiku limenelo.

Kuno kwathu zinthu n'zosiyana. Speed trap imene dalaivala amakumana nayo pa M1 nthawi zambiri ndi apolisi apamsewu amene afika ndi makina awo onyamula, lero aima pano, mawa aima kutsogolo, ndipo mndandanda wosungidwa m'kabokosi sungawatsate. Mnzanga wina woyendetsa galimoto yaing'ono adagula chipangizo chotere ku Johannesburg, adachimata pa galasi lakutsogolo, ndipo pa msewu wa N1 chinkalira ndithu, kutchula kamera ndi mtunda umene watsala kuti aifike. Atawoloka mtsinje wa Limpopo chidakhala chete, sikirini ikungosonyeza nambala ya liwiro ndi kamuvi koloza kumpoto. Iye ankamva kukhala cheteko ngati chitsimikizo chakuti njira ili bwino, mpaka adaimitsidwa polowa pa malo ena amalonda atafika kale m'Malawi muno, chikwangwani atachidutsa osachiwerenga. Chipangizocho sichidawonongeke ayi, chinkachita zimene chidapangidwira, kungoti m'kati mwake munalibe malo a ku Malawi ngakhale amodzi. Chimene chidandidetsa nkhawa pa nkhani yake si chindapusa chimene adalipira, koma kuti munthu amene ndinkamudziwa kuti ndi wosamala pamsewu adasiya maso ake n'kuyamba kudalira makutu, kudikira kulira kumene sikukadabwera.

Pali zipangizo zinanso zimene anthu sagula koma amazipeza kale m'galimoto zochokera ku Japan. Ambiri adakaonapo kabokosi kokhala ndi sikirini yaing'ono komatidwa pakona ya dashibodi, kolembedwa Yupiteru, Comtec kapena Cellstar, kamene kamalankhula Chijapani galimoto ikangoyaka. Kameneko ndi kochenjeza za makamera a ku Japan, ndipo mndandanda wake ndi wa misewu ya kumeneko basi. Kabokosi kena kolankhula, kokhala ndi mpata wolowetsamo khadi, ndi kolipirira misewu ya ku Japan ndipo sikakhudzana ndi liwiro n'komwe. Ndamvapo eni galimoto akunena monyadira kuti galimoto yawo idabwera ndi chogwira apolisi. Zoona zake n'zakuti mbali ya GPS ya kabokosi kameneko ingakusonyezeni liwiro lokha, pamene mbali yake yotchera mafunde ikhoza kukupezetsani mlandu mukapita nayo kumayiko kumene zotere n'zoletsedwa. Amene akukonzekera ulendo wa kunja ndi galimoto yotere angachite bwino kupita kwa makaniko wa zamagetsi kuti akakachotse bwinobwino.

Nkhani ya malamulo ndi imene ogulitsa saitchula n'komwe, chonsecho ndi yolemera kuposa zonse. Malamulo apamsewu a ku South Africa amaletsa kuyendetsa galimoto yokhala ndi chipangizo chotchera kapena chosokoneza makina oyezera liwiro, choncho kabokosi kophatikiza kaja, ngakhale mwiniwake akugwiritsa ntchito mbali ya GPS yokha, kakhoza kumuvuta kukafotokoza akaimitsidwa. Ku France, kuyambira mu Januwale 2012, ngakhale chipangizo cha GPS chosonyeza malo enieni a kamera n'choletsedwa, ndipo chindapusa chake chimafika pa mayuro 1,500, kuphatikizapo chilango cha mapoyinti 6 pa laisensi ndi kulandidwa chipangizocho. Makampani a kumeneko adasintha zipangizo zawo kuti zizingonena kuti mwalowa m'chigawo choopsa cha msewu popanda kuloza pamene pali kamera. Ku Germany dalaivala wopezeka akugwiritsa ntchito chipangizo kapena pulogalamu ya pa foni yochenjeza za makamera amalipira mayuro 75 ndi kulembedwa poyinti imodzi, ndipo ku Switzerland nakonso n'zoletsedwa. Munthu wokhala ku Britain amene wakwera chombo ndi galimoto yake pa Dover n'kutsikira ku Calais, m'dziko la France, amapezeka kuti chinthu chimene chinali chololedwa m'mawa chasanduka mlandu masana. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Choncho chipangizo choyenera munthu wowoloka malire ndi chimene chimalola kuzimitsa machenjezo a makamera dziko ndi dziko n'kusiya mbali yosonyeza liwiro ikugwira ntchito, ndipo wogula ayesere kuzimitsako pamaso pa wogulitsa asanapereke ndalama.

Makamera nawonso asintha, ndipo chipangizo chimene sichidasinthe nawo chimasocheretsa. M'zigawo zina za misewu ya N1 ndi N3 ku South Africa, ndiponso m'misewu yambiri ya ku Britain makamaka pamene akukonza msewu, muli makamera oyeza liwiro la ulendo wonse pakati pa malo awiri. Kamera yoyamba imawerenga nambala ya galimoto ndi kulemba nthawi, yachiwiri imachita chimodzimodzi kutsogolo, ndipo kompyuta imagawa mtunda ndi nthawi. Ngati chigawocho n'chotalika makilomita 20 ndipo liwiro lololedwa ndi makilomita 100 pa ola, galimoto siyenera kuchimaliza mphindi 12 zisanakwane. Amene wachimaliza m'mphindi 10 ndiye kuti ankayenda pa 120, ngakhale adagwira mabuleki bwanji pansi pa makamera onse awiri. Chipangizo chotsika mtengo chimangolira pa kamera yoyamba, dalaivala n'kutsitsa liwiro kwa kanthawi, kenako n'kupondanso moto poganiza kuti wadutsa. Chabwino ndi chimene chimadziwa poyambira ndi pothera chigawocho, n'kumakusonyezani liwiro la ulendo wonse kuyambira pamene mudalowamo. Oyendetsa galimoto zolemera afunsenso ngati chipangizocho chimalola kusankha mtundu wa galimoto, popeza ku South Africa galimoto yaing'ono imaloledwa 120 pa msewu waukulu, basi ndi minibasi 100, pamene galimoto ya katundu yopitirira matani 9 imaloledwa 80 yokha. Chipangizo chimene chikuwerengera 120 pa thiraki chimakhala chete pamene dalaivala walakwa kale.

Mtengo wolembedwa pa katoni si mtengo wonse. Makampani ambiri odziwika amafuna ndalama ya pamwezi kapena ya pachaka kuti mndandanda uzikonzedwanso, ndipo mukaleka kulipira chipangizocho chimatsala ndi zakale. Ena amalonjeza kuti kukonzansoko n'kwaulere moyo wonse, koma lonjezo lotere limatha tsiku limene kampaniyo yatseka kapena yaleka kupanga mtundu umenewo, ndipo zipangizo zambiri zopanda dzina zilibe n'komwe tsamba la pa intaneti kumene munthu angakatenge mndandanda watsopano. Wogula afunse kuti mndandanda watsopano umalowa bwanji: kudzera pa kompyuta ndi chingwe, kudzera pa foni, kapena chipangizocho chili ndi simu khadi yakeyake. Chokhala ndi simu khadi yake n'chosavuta kugwiritsa ntchito, koma simu khadiyo imagwira m'mayiko amene kampani idapangana nawo okha, ndipo chogulidwa ku Ulaya chikafika kuno chikhoza kulephera kulumikizana ndi chilichonse.

Ambiri amandifunsa ngati foni siyingakwanire, ndipo kwa anthu ochuluka yankho ndi lakuti ikukwanira. Waze, imene kampani ya Google idaigula mu 2013, komanso Google Maps, zimasonyeza liwiro la galimoto, ndipo m'mayiko ena zimachenjezanso za makamera popanda malipiro ena kupatula bandulo. Mphamvu ya mapulogalamu otere ndi yakuti oyendetsa galimoto eni ake ndiwo amauzana zimene aona pamsewu, ngozi, galimoto yofa kapena apolisi, choncho amathandiza kwambiri kumene owagwiritsa ntchito ndi ambiri, monga ku Johannesburg kapena ku London, ndipo amafooka kumene ndi ochepa. Kuipa kwa foni ndi kwakuti imakopa dzanja ndi maso. Galimoto yoyenda pa makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse, ndiye kuti amene wayang'ana pa sikirini kwa masekondi awiri wayenda mamita oposa 50 osaona njira. Ku Britain kugwira foni m'manja uku ukuyendetsa kumalipiritsa mapaundi 200 ndi mapoyinti 6, chilango choposa cha liwiro chimene munthuyo amachithawa. Pamenepa ndi pamene chipangizo chapadera chimaposa foni: sichilandira mauthenga a WhatsApp, chimayaka chokha galimoto ikayaka, ndipo chabwino sichifuna kukhudzidwa ulendo wonse.

Tsopano ndifike pa chimene ine ndimachiona kuti n'chaphindu lenileni m'zipangizozi, chimene chimagwira ntchito m'dziko lililonse, Malawi yemwe, ngakhale mndandanda wa makamera mulibe. Chimenecho ndi kusonyeza liwiro lenileni ndi kulira dalaivala akapyola muyezo umene wadziikira yekha. Sipidomita ya galimoto imawerengera liwiro kuchokera pa kuzungulira kwa matayala, ndipo lamulo limene opanga galimoto ambiri amatsatira limati isasonyeze liwiro lochepera lenileni, koma ikhoza kuwonjezera mpaka 10 peresenti ndi makilomita 4 pa ola, kutanthauza kuti galimoto yoyenda pa 100 ikhoza kusonyeza mpaka 114. Vuto limabwera tikasintha matayala. Ambiri aife timaika matayala okulirapo kuti galimoto ikwere pang'ono chifukwa cha misewu yafumbi ndi maenje, ndipo tayala lalikulu limayenda mtunda wotalikirapo pa kuzungulira kumodzi, kotero kuti sipidomita imayamba kusonyeza liwiro lochepa pamene galimoto ikuthamanga kwambiri. Mikangano ina imene imachitika pa speed trap, dalaivala akulumbira kuti sadapyole, gwero lake likhoza kukhala limeneli. GPS siwerengera matayala, ndipo pa msewu wowongoka, galimoto ikuyenda mosasintha, nambala yake imakhala yodalirika kwambiri. Imachedwa pang'ono mukaponda moto kapena mabuleki mwadzidzidzi, ndipo imataya masatelayiti m'ngalande zapansi ndi pakati pa nyumba zazitali, choncho siilowa m'malo mwa sipidomita, koma imakuuzani kuti sipidomita yanu ikulakwitsa ndi zingati.

Usiku, pa msewu wosalala, m'galimoto yosamveka phokoso, phazi limalemera lokha dalaivala osazindikira, ndipo aliyense woyenda maulendo ataliatali akudziwa zimenezi. Kulira kumodzi pa nthawi imeneyo n'kothandiza kuposa machenjezo onse a makamera. Mayiko a European Union adaona phindu limeneli, ndipo kuyambira mu Julaye 2024 galimoto zonse zatsopano zogulitsidwa kumeneko ziyenera kukhala ndi makina ochenjeza dalaivala akapyola liwiro lololedwa. Zipangizo zina zimasonyezanso liwiro lololedwa pa msewu umene muli, koma nambala imeneyo imachokera pa mapu, ndipo mapu a misewu ya kuno nthawi zambiri alibe nambalayo kapena ali ndi yakale. Chikwangwani cha pamsewu ndicho lamulo, ndipo palibe wapolisi kapena khoti limene lingamve zoti kabokosi kadakuuzani zina.

Pa kapangidwe ka chipangizocho ndinena mwachidule. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala, makamaka ku Tete kapena ku Chikwawa ndi Nsanje, kumatupitsa mabatire a zipangizo zosiyidwa pa dashibodi, choncho ndi bwino kusankha chopanda batire, chodya moto wa galimoto, kapena kuchichotsa mukaimika galimoto padzuwa, zimene zimachepetsanso chikoka kwa akuba. Oyendetsa mathiraki aonetsetse kuti chimalola mavoti 24, pakuti zambiri zidapangidwira mavoti 12 a galimoto zazing'ono. Chogulidwa ku Britain chimabwera chikuwerenga mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, ndiye kuti chikasonyeza 50 galimoto ili pa 80. Chiyenera kukhala chotheka kusintha kuti chiziwerenga makilomita. Sikirini izitha kuchepetsa kuwala usiku, mawu azimveka injini ikulira, ndipo chizichenjeza za kamera ya msewu umene muli ndi mbali imene mukulowera yokha, chifukwa cholira pa kamera iliyonse yapafupi chimatopetsa mpaka munthu amachizimitsa. Pochimata, chisatchinge maso ndipo chisakhale pamwamba pa malo otulukira airbag.

Ena adzati zipangizo zonsezi n'zothandiza anthu ophwanya malamulo, ndipo maganizo amenewo sindiwanyoza, chifukwa dalaivala amene amagwira mabuleki pa kamera n'kupondanso moto akaidutsa sadapulumutse moyo wa aliyense. N'chimodzimodzi ndi chizolowezi chathu chothwanimitsirana magetsi pouzana kuti kutsogolo kuli apolisi: timamuteteza mnzathu ku chindapusa, koma mwana amene awoloke msewu makilomita asanu kutsogoloko sitimuganizira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Bungwe lomweli limati liwiro la galimoto pamsewu likakwera ndi 1 peresenti, chiopsezo cha ngozi yakupha chimakwera ndi 4 peresenti. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imafuna kuti iime mabuleki atagwira umawirikiza kanayi. Amene adadutsapo pa Lizulu tsiku lamsika akudziwa chimene manambala amenewa akutanthauza: milu ya mbatatesi, kabichi ndi tomato ili m'mphepete penipeni mwa tara, amayi akuthamangira basi ndi mabeseni pamutu, akabaza akutembenuka osayang'ana kumbuyo, ana akuwoloka pakati pa galimoto zoima. Kudutsa malo otere a makilomita awiri pa liwiro la 50 kumatenga mphindi ziwiri ndi masekondi 24, pamene pa 80 kumatenga mphindi imodzi ndi theka. Chimene dalaivala wothamangayo wapindula sichikwana mphindi imodzi. Pa Nathenje, Chimbiya, Kampepuza, Phalula, Lirangwe ndi Lunzu nkhani ndi yomweyo, kaya apolisi aimapo tsiku limenelo kaya sadaimepo, ndipo chipangizo chimene chingamuthandize dalaivala pamenepo ndi chokhacho chimene chimamuuza za liwiro lake iye mwini.

N'chifukwa chake abale akandituma ndimawayankha mosiyana. Wokhala ku Britain ndimamuuza kuti agule cha GPS chokha kwa kampani yodziwika, awerengere ndalama ya pachaka asanagule, kapena agwiritse ntchito foni yomangidwa bwino pa malo ake. Woyenda ku South Africa ndimamuuza kuti apewe chilichonse chotchera mafunde, ndipo asankhe chodziwa makamera oyeza ulendo wonse. Woyenda m'Malawi mokha ndimamuuza kuti ndalama yakeyo aisunge, kapena agulire matayala ndi mabuleki abwino, ndipo ngati akufuna chikumbutso cha liwiro, foni imene ali nayo kale ingamupatse.

Ndili ndi pempho kwa amene akukhudzidwa. Ogulitsa alembe poyera pa malonda awo kuti chipangizocho ndi cha mtundu uti mwa itatu ija, mndandanda wake ndi wa mayiko ati, ndiponso ngati pali malipiro ena a mtsogolo, ndipo aleke kulonjeza kuti wogula sadzagwidwanso. A Roads Authority ndi makhonsolo apitirize kubwezeretsa zikwangwani za liwiro pamene zidagwa kapena kubedwa, makamaka polowa ndi potuluka pa malo amalonda, chifukwa dalaivala ndi wopanga mapu onse amadalira chikwangwani chomwecho. Ndipo inu a Mkonzi, ndikupemphani kuti mutume mtolankhani wanu ku nthambi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services ndi kwa apolisi apamsewu, akafunse kuti mwa zipangizo zitatuzi ndi ziti zimene munthu angakhale nazo m'galimoto m'dziko muno, ndipo yankho lake mudzalisindikize m'Chichewa pa tsamba lino kuti madalaivala ndi ogulitsa omwe adzaliwerenge.

Ine wowerenga wanu,
Dalaivala wa maulendo ataliatali,
Blantyre